Zombo za ma Viking zatheratu m'beseni chifukwa cha guluu

Sabata ino inali yophunzitsa za ma Viking, anthu akale oyenda panyanja a ku Norway, Denmark ndi Sweden, ku Year 5 (kalasi ya ana a zaka 9 mpaka 10), pasukulu ya pulayimale kuno kumpoto kwa England. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zanthawi zonse: kuukiridwa kwa chilumba cha Lindisfarne mu 793, kulandidwa kwa mzinda wa York mu 866, mapu pakhoma. Zandikwiyitsa ndi za Lachitatu.

Phunziro la tsikulo ndi loyandamitsa zombo ziwiri za katoni, ndipo pali chifukwa chake. Mwa zombo zomwe anazivuula ku Skuldelev, ku Denmark, mu 1962, china n'chankhondo: mamita pafupifupi 30 m'litali koma osakwana 4 m'lifupi, chokhomedwa cha ku Dublin cha m'ma 1042, chonyamula amuna oposa 60. China n'cha katundu, chotchedwa knarr: mamita 16 okha, mimba yotakasuka pafupifupi mamita 5, chonyamula matani oposa 20, oyendetsa osapitirira 8. Chimene chinasamutsa mabanja, ng'ombe, nkhosa ndi matabwa kupita ku Iceland ndi Greenland n'chamtundu wachiwiriwu. Mwana akaziona ndi maso ake saiwala.

Kapangidwe kake nkotere. Mumadula katoni yopyapyala timizere ta masentimita 2 m'lifupi, 25 m'litali. Mumayamba ndi mtanda wapansi, kenako kamzere kalikonse kamasanjikana pa kanzake ka m'munsi ndi theka la sentimita, monga ankachitira eni ake ndi matabwa ong'amba, osati ocheka ndi sowo. Iwo ankakhoma ndi misomali yachitsulo n'kutseka mipata ndi ubweya wonyika m'phula. Ife timaika ulusi waubweya ndi guluu wosalowa madzi, n'kusiya ziume usiku wonse. Zikayandama m'beseni, ana amaikamo timiyala kamodzikamodzi. Chowonda chija chimayamba kupendekeka, chotakasuka chimangokhazikika phee.

Ofesi inagula guluu woyera wa PVA wamba, poti ndi wotchipa, ngakhale pafomu tinalemba momveka mtundu wofunika. Guluu ameneyu akakhala m'madzi amafewa n'kusanduka phala. Botolo analithira kale m'timakapu topanda dzina, ndipo mthandizi wa kalasi anatengedwa kukatseka mpata kwina, choncho panalibe woti n'kuona msanga. Zombo zitangolowa m'madzi, timizere tinayamba kumatuka kuchokera kutsogolo, ubweya n'kuyandama pawokha. Sipanalowe ngakhale kamwala kamodzi. Mtsikana wina amene anasanja timizere take mosamala kuposa onse anangotola zidutswa n'kukazitaya mwakachetechete.

Yankho la akuluakulu linali lakuti tigwiritse ntchito mapepala osindikizidwa amene sukulu inagula. Pamenepo mpamene mtima unandiwawa kwenikweni. Patsamba loyamba pali mwamuna wovala chipewa chanyanga, pamene chipewa chankhondo cha ma Viking chomwe chinapezeka ku Gjermundbu, ku Norway, mu 1943 n'chozungulira, chotchinga maso, chopanda nyanga. Tsamba lachiwiri likuonetsa chombo chankhondo chikulowera ku Greenland, mulibe mkazi, mulibe mwana, mulibe chiweto. Ndalama zogulira bodza zinapezeka, za guluu woyenera ayi.

Mapepalawo anakhala m'kabati. Lachinayi tinasuntha madesiki, pansi pakhale nyanja, n'kutsata malangizo akale a ku Iceland a ulendo wopita ku Greenland: ukachoka ku Norway lunjika kumadzulo, Shetland ioneke patali kumanzere, mapiri a Faroe aoneke kumanja ngati amira theka, Iceland usaione koma uzindikire ndi mbalame ndi anangumi. Analibe kampasi ya maginito. Ana 25 anakhala zombo za cha mu 985 za Erik the Red, amene anatsogolera anthu kukakhala ku Greenland, ndipo 14 okha ndi amene tinawalola kufika ku Greenland, monga zolembedwa zakale zimanenera. Otsalawo ena anabwerera, ena anamira. M'kalasi munati zii.

Lachisanu tinathamangira L'Anse aux Meadows, ku Newfoundland, m'dziko la Canada, malo a ma Viking amene Helge Ingstad ndi Anne Stine Ingstad anawafukula m'zaka za m'ma 1960, komwe mitengo yodulidwa ndi chitsulo inaonetsa chaka cha 1021. Nthawi inatha tisanafike pa malonda a minyanga ya walrus, nyama yaikulu ya m'nyanja zozizira, ndi ukwati wa mu 1408 wa ku Hvalsey, ku Greenland. Fomu yatsopano ya guluu yabwerako ndi mawu akuti tidikire teremu yamawa, pomwe kalasiyi idzakhala ili pamutu wina.