Mawu amodzi andidyera sabata yonse

Lolemba madzulo, ku hagwon (sukulu yolipira yomwe ana amapitako akaweruka kusukulu) yomwe ndimaphunzitsako Chingelezi kuno ku Seoul, mnyamata wina anandilozera mawu akuti "reverberate" m'ndime yoyeserera Suneung, mayeso olowera kuyunivesite amene amalembedwa mu Novembala. Poyesa kuwatchula anatulutsa "ribeobeoreiteu". Anzake anafa nacho chiseko, koma ine ndinangoti duu. Chikoreya chilibe v, ndipo chilembo chimodzi cha Hangul, alifabeti yawo, chimagwira ntchito ya l ndi r yomwe. Ife kwathu si paja munthu amalemba "kulira" lero, mawa "kulila", osaona vuto?

Lachiwiri linathera pa mlomo, kuphunzira kutchula v: mano akumwamba akhudze mlomo wam'munsi, mpweya utuluke. Zinatheka.

Mutu unandiuma Lachitatu. Dikishonale yawo imamasulira mawuwa kuti "ullida", mawu amenenso amanenera foni kapena belu likamalira. Basi mtsikana wina analemba kuti foni yake yachita "reverberate" m'thumba. Ndinafotokoza kuti "echo" ndi mawu obwerera omveka paokha, amene iwo amati "meari", ngati munthu akafuula "Yaho!" pamwamba pa phiri la Bukhansan. Koma "reverberate" ndi phokoso losafuna kutha, longozungulira m'malo mpaka kuzilala. Onse anagwedeza mitu. Mwana wa ku Korea akagwedeza mutu mwaulemu chonchija, dziwani kuti sanamve kanthu.

Lachinayi ndinawatulutsa onse kupita pamasitepe a nyumbayo, pomwe pali konkire yokhayokha. Ndinaomba m'manja kamodzi, phwa! Phokoso linatsika, linakwera, linatizinga, kenako linafa pang'onopang'ono. Mnyamata wa Lolemba uja anadzidzimuka: "Aa, Emille!" Ankanena belu lamkuwa la Mfumu Seongdeok la ku Gyeongju, lomwe analimaliza mu 771, lotchuka chifukwa akaliomba kamodzi limang'ung'udza nthawi yaitali. Chitsanzo chakecho chinaposa zanga zonse, ndipo ndachilemba m'kope.

Vuto n'lakuti ana onse anayambanso kuomba m'manja. Lachisanu mwini sukulu anandiitana, nkhope ili gwa, kuti makalasi oyandikana adandaula. Ndinapepesa nditaweramitsa mutu monga amachitira kuno.

Titatsala pang'ono kuweruka 10 koloko usiku, nthawi imene lamulo la Seoul limatsekera ma hagwon, mtsikana wa foni uja anandipatsira kope lake. Analemba kuti mawu a bwana anachita "reverberate" m'khonde monse. Ndinachonga.