Injini inawira pa Chikangawa patangotha masiku anayi chichokereni ku galaja

Kasingano koonetsa kutentha kwa injini kanayamba kukwera titangodutsa rodibuloko ya pa Jenda. Ndinakaona bwinobwino, koma sindinalankhule kanthu chifukwa amayi anali pambali panga, ndipo iwo akamva za vuto la galimoto amayamba kupemphera mokweza mpaka mwana kumbuyo kuchita mantha. Ndinachepetsa liwiro, ndinazimitsa wailesi, maso ali pa geji. Titapitirira mphambano yopita ku Mzimba n'kuyamba zitunda za Chikangawa, kasingano kaja kanafika pofiira. Nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Ndinaima pomwepo. Inali cha m'ma 4 koloko madzulo, mwezi wa June 2024, ndipo m'mawa mwake unali ukwati wa mng'ono wanga ku Mzuzu. Zovala za aperekezi zinali mu buti yanga.

Chomwe chinandiwawa kwambiri panthawiyo n'chakuti galimotoyi inali itangotuluka ku galaja masiku anayi apitawo. Ndikunena galaja ya kampani yaikulu yogulitsa magalimoto ku Lilongwe, kokhala ndi mipando yofewa ndi tiyi wa makasitomala. Ndinapitako katatu chifukwa cha vuto limodzi lomweli. Madzi mu radiyeta ankangotha, pansi osaoneka podontha. Ulendo woyamba anasintha chivindikiro cha radiyeta. Wachiwiri anasintha themositati n'kuthira kulanti watsopano, madzi a mankhwala oziziritsa injini. Wachitatu anagoneka galimoto masiku asanu, anasintha pampu ya madzi, nandiuza kuti aiyika pa kompyuta ndipo palibe chomwe chaoneka. Malisiti atatuwo ndikawaphatikiza akupitirira K900,000. Ndinawauza momveka kuti m'mawa ndikaliza injini imayamba yanjenjemera, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi woyera wonunkhira ngati shuga wopsa. Mnyamata wa pa desiki anagwedeza mutu akulemba zina pafoni. "Madamu, kumazizira masiku ano, utsi umenewo ndi wabwinobwino." Makaniko weniweni amene ankagwira galimoto yanga sindinamuonepo nkhope. Amati makasitomala saloledwa kulowa mkati.

Amene sanaimepo pa Chikangawa mu June sadziwa kuzizira kwa dziko lino. Nkhungu inatsika ngati utsi wa moto wa tchire, moti zitsa za mapaini zomwe zili m'mbali mwa msewu zinasowa m'maso. Ndimakumbukira tili ana tikudutsa pano pa basi, mitengo ili ndandanda mbali zonse ziwiri, mdima bii masana. Lero malo ambiri ndi zitsa ndi timitengo tating'ono, mphepo imangowomba popanda choitchinga. Amayi anamufunditsa mwana zitenje ziwiri. Netiweki inali ya kadontho kamodzi, kobwera n'kuchoka. Magalimoto angapo anadutsa osaima, ndipo sindikuwada, chifukwa nanenso malo ngati amenewo madzulo ndikanaganiza kawiri.

Amene anaima anali bambo wachikulire woyendetsa lole ya matabwa. Anatsika atavala chipewa chaubweya ndi jekete yothimbirira ndi oyilo. Asanayang'ane n'komwe galimoto anapita kaye kwa amayi, navula chipewa.

"Mwatandala uli, amama?"

Amayi Chitumbuka amachimva pang'ono, anayankha momwe akanathera. Kenako bamboyo anatembenukira kwa ine m'Chichewa. Ine ndinali nditagwira kale kansanza kuti nditsegule radiyeta ndithiremo madzi a m'chigubu. Anandigwira dzanja. "Ayi mwana wanga, chimenecho chikusenda nkhope. Tidikire." Tinadikiradi pafupifupi mphindi 40. Nthawi yonseyo ankangondifunsa mafunso. Vuto linayamba liti? Madzi mumathira kangati pa sabata? Imatentha m'tauni kapena pachitunda pokha? M'mawa imadzuka bwanji? Nditatchula za utsi woyera uja anangoti "ehe", osawonjezera kanthu. Mafunso amenewa palibe anandifunsapo pa maulendo atatu onse a ku galaja.

Injini itazizira anatsegula kaye chivindikiro cha pothirira oyilo n'kundionetsa kunsi kwake ndi tochi ya pafoni. Panali phala loyererako, ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Analipaka pachala, nandiuza kuti ndiligwire nanenso. Kenako anadzaza radiyeta ndi madzi mpaka pakamwa, osatseka, nati ndilize injini. Ndinatsika kudzaona. M'madzimo munkatuluka thovu, limodzi pambuyo pa linzake, mosalekeza, ngati munthu akupemerera m'botolo ndi kaphesi. Anafinya paipi yaikulu yapamwamba, nandiyang'ana.

"Gasiketi yapsa iyi. Sinapse lero ayi."

Anandifotokozera ataima pa bampala, manja akujambula m'mwamba. Pakati pa hedi (gawo lapamwamba la injini) ndi thunthu la injini pali gasiketi, kachinthu kopyapyala kamene kamalekanitsa moto, madzi ndi oyilo kuti aliyense ayende njira yake. Kakapsa, mpweya wa moto wa m'silinda umalowa m'njira ya madzi n'kuwakankhira kunja, ndipo madzi ena amalowa m'silinda n'kutuluka ngati utsi woyera. Pansi sipangadonthe kanthu. Pamsewu wathyathyathya wa mu Lilongwe galimoto imatha kupirira miyezi, koma mukaisenzetsa anthu ndi katundu n'kuikweza zitunda za Viphya, bala limatseguka. Ndinamufunsa chifukwa chake kompyuta sinaone. Anati kompyuta imawerenga zomwe masensa aiuza, ndipo nthawi zambiri gasiketi ikamayamba kupsa palibe chomwe imalemba. Pamafunika munthu atsegule, aone ndi maso. Pambuyo pake ndinamva kwa makaniko wa ku Mzuzu kuti palinso kamankhwala kabuluu koyezera pakamwa pa radiyeta, kamene kamasanduka kachikasu ngati m'madzi muli mpweya wa moto. Ntchito ya mphindi khumi. Galaja ya magalasi ija inakhala ndi galimoto yanga masiku asanu.

Bamboyo anakana zoti ndiyendetse ngakhale pang'onopang'ono. Anati hedi ya aluminiyamu ikatentha kwambiri imapindika, ndiye m'malo mogula gasiketi mugula injini. Anakwera pamwamba pa matabwa ake kusaka netiweki mpaka anapeza mnzake wa galimoto yokokera ku Mzuzu. Amayi ndi mwana anawalowetsa kutsogolo kwa lole komwe kunali kofunda, nawapatsa mbatata yootcha yomwe anali atakulunga m'nyuzipepala. Anakhala nafe mpaka cha m'ma 8 koloko usiku pamene wokoka uja anafika, pomwe iye ulendo wake unali wakumwera, katundu akumudikira. Nditatulutsa K20,000 anabweza dzanja langa. Amayi ndi amene anamukakamiza kulandira botolo la sikwashi ndi nkhuku imodzi mwa zokazinga zomwe tinatengera ku ukwati.

Kukoka kuchoka pamenepo kufika mu Mzuzu ndinalipira K150,000, titakambirana kuchoka pa K200,000. Ukwati tinaupeza, zovala zinafika, za kumeneko ndidzalemba tsiku lina. Pobwerera tinakwera basi, ndipo galimoto inatsatira pa lole patatha sabata.

Kwa amene mukuganiza zoyenda msewu wa M1 kupita kumpoto pagalimoto yanuyanu, tengani chigubu cha madzi cha malita 5 kapena kuposa, tochi yeniyeni ndi chofunda, ngakhale munyamuke Lilongwe dzuwa likuswa mtengo. Mafuta thirani pa Kasungu, musadalire zopeza kutsogolo. Nthawi imeneyo petulo anali pa K2,530 pa lita. Kasingano kakayamba kukwera zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ikoke kutentha kwa injini, ndipo pezani poima msanga. Musathire madzi ozizira mu injini yotentha. Ndipo galimoto ikatuluka ku galaja pa vuto la kutentha, muziyamba mwaiyesa pachitunda chenicheni, monga kupita ku Dedza ndi kubwerera, musanaikemo mayi anu ndi mwana. Ine ndinakhulupirira pepala lodindidwa sitampu.

Ndimamvetsa kuti zinthu zavuta. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za galimoto zakwera mosaneneka, ndipo makampani amadandaula za kusowa kwa ndalama zakunja zoitanitsira katundu. Koma ndi chifukwa chomwecho munthu ukapereka ndalama yako umafuna igwire ntchito. Kusintha chipangizo chimodzi, kuona ngati vuto latha, n'kusinthanso china, ulendo uliwonse kasitomala akulipira, kumeneko ndi kulotera ndi thumba la mwini. Zipangizo zakale zomwe anachotsa sanandionetse n'chimodzi chomwe. Panopa ndimadzifunsa ngati pampu yanga yakale inali ndi vuto lililonse. Ndimadzifunsanso ngati mnyamata wa pa desiki akanayankha chimodzimodzi akanakhala kuti wonena za utsi woyera ndi bambo wa tayi.

Nditabwerera ndinapita ndi malisiti onse atatu, chithunzi cha phala lija ndi kavidiyo ka thovu. Bwana wa sevisi anandilandira mwaulemu, osabisa, koma mawu ake anali akuti gasiketi inapsa chifukwa ndinayendetsa galimoto ikutentha, choncho ndi vuto latsopano losakhudzana ndi ntchito yawo. Ndinamuonetsa jobu khadi ya ulendo woyamba, ya mu April, pomwe analemba okha ndi dzanja lawo kuti madzi akutha popanda podontha. Anati afunsa akuluakulu. Anandipatsa kotesheni ya kutsegula injini, kusikima hedi (kuipala kuti isalale) ndi gasiketi yatsopano, yoposa ndalama zonse zomwe ndinawapatsa kale, popanda kuchotsera ngakhale tambala. Ndinapempha kuti mwina andichotsere ya pampu ndi themositati zomwe sizinathandize. Yankho lake mpaka lero ndi lakuti andiimbira.

Ndawaimbira ine kasanu ndi kamodzi. Ndalemba kalata, kope ina ndasunga, ndipo sabata yamawa ndikukaitula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe lomva madandaulo a ogula, pamodzi ndi malisiti. Galimoto ili kuseri kwa nyumba, ndaifunditsa lona, batire ndachotsa. Kuntchito ndikuyenda pa minibasi, mwana ndimamusiya kusukulu pa kabaza wa njinga yamoto, ndipo amayi akaimba foni madzulo funso lawo loyamba limakhala lakuti kodi ndinatenga nambala ya bambo wa matabwa uja. Sindinatenge.