Msuweni kapena m'bale?

Sabata ino ndimayenera kumaliza kubwereza za nkhondo ya 1914 ndi ana a Fomu 4, koma masiku ambiri athera pa chibale cha mafumu a nthawiyo.

Lolemba ndinangotchula modutsa kuti George V wa ku Britain anali cousin wa Wilhelm II wa ku Germany komanso wa Nicholas II wa ku Russia. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja: "Aphunzitsi, cousin wake uti? Msuweni kapena m'bale?" Ndinasowa poyambira. Zaka zonsezi ndakhala ndikudalira liwu lachingerezi lomwe limaunjika pamodzi anthu amene ife timawasiyanitsa.

Lachiwiri ndinadzaza bolodi lonse, choko ziwiri n'kutha. Pamwamba Mfumukazi Victoria ya ku Britain ndi ana ake 9. Chisamba, wobadwa mu 1840, anali wamkazi, dzina lake Victoria yemwe, ndipo anakwatiwa ku Prussia n'kubereka Wilhelm. Womupondera pamutu ndiye Edward VII, bambo a George. Choncho George ndi Wilhelm ndi asuweni enieni, Edward ndi malume ake a Wilhelm. Za Nicholas n'zina: mayi ake, Dagmar, ndi mayi a George, Alexandra, anali a bere limodzi, ana a Christian IX wa ku Denmark. Kwathu amenewa si asuweni ayi, ndi munthu ndi mkulu wake. Ndinayendetsa foni m'kalasi kuti aone chithunzi cha awiriwa cha mu 1913 ku Berlin, pa ukwati wa mwana wa Wilhelm. Ndevu zofanana, maso ofanana, ngati mapasa.

Apa m'pamene mnyamata wina anati, "Ndiye ufumu wa Britain unali wa Wilhelm, si mwana wa mlongo?" Mnzake wa ku Mzimba anadzuka osapatsidwa mpata, nati ufumu ndi wa mwana wa mfumu basi. Phokoso lake mpaka ahedi anasuzumira pawindo. Ndinawafotokozera kuti ku Britain mpando unkatsata mwana, wamwamuna patsogolo ngakhale akhale wamng'ono, mpaka lamulo la mu 2013 linasintha zimenezo. Koma kunena zoona funso la mnyamatayo ndinalikonda kuposa yankho langa.

Lachitatu ndinapeza anzanga a masamu afufuta zonse. Ana anajambulanso okha, osalakwitsa.

Lachinayi kunali zii. Mu 1917, ndege za Germany zotchedwa Gotha zikuponya mabomba ku London, George anataya dzina la banja la Saxe-Coburg and Gotha n'kutenga la Windsor. Chaka chomwecho Nicholas anatula pansi ufumu. Boma la Britain linali litavomera kumulandira, koma George, poopa mkwiyo wa anthu ake, anaumiriza kuti ganizolo lisinthe. Mu Julaye 1918 Nicholas, mkazi wake ndi ana awo asanu anawomberedwa ku Yekaterinburg. Mtsikana uja anangoti, "Ndiye anakana m'bale wake, osati msuweni."

Lachisanu ndinapereka kamayeso. Ndikuchonga usiku uno, ndipo m'mapepala angapo, pakati pa Chingerezi, ndikupeza mawu oti malume. Ndikungozunguliza ndi cholembera chofiira, osachotsa malikisi.