Nyenyezi za jamu wa azakhali: pamene ntchito yafika

Patha masabata asanu ndi limodzi chilembereni za tsamba la pa intaneti limene ndinawakonzera azakhali anga a ku Matawale, amene amaphika jamu wa mabulosi ndi sitiroberi zogula kwa anyamata a m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku si ya makompyuta, koma ndikaweruka ndimakonda kukhala pa laputopu mpaka usiku, ndipo chimene chandisowetsa tulo nyengo yonseyi ndi tinyenyezi tachikasu timene timaoneka pansi pa masamba ena munthu akafufuza kanthu pa Google. Ndinkafuna kuti jamu wa azakhali nayenso akhale nato.

Tinyenyezi timeneti sitibwera tokha. Mwini tsamba amayenera kulemba ndemanga za makasitomala m'njira imene makina ofufuzira angamve, pogwiritsa ntchito mndandanda wa mawu ogwirizana wotchedwa Schema.org, umene Google, Bing ndi Yahoo anakhazikitsa limodzi mu 2011. Njira zolembera zilipo zitatu, Microdata, RDFa ndi JSON-LD, koma ine ndinasankha JSON-LD chifukwa ndi imene Google amalimbikitsa, komanso imakhala m'kachigawo kakekake osasokonekera ndi zolemba zimene anthu amawerenga. Madzulo oyamba anathera pa kulakwitsa kochititsa manyazi, chifukwa ndinaiwala kachizindikiro kamodzi ka koma (,) pakati pa ratingValue (nambala ya nyenyezi) ndi reviewCount (chiwerengero cha ndemanga), ndipo Rich Results Test, chida cha Google choyesera zolembazi, chinakana zonse mpaka batire la laputopu linatha magetsi atazima.

Nditakonza zimenezo ndinalemba bizinesi yonse ngati LocalBusiness, kutanthauza bizinesi ya m'dera, n'kuikamo AggregateRating, imene ndi avereji ya nyenyezi za ndemanga zonse, ndipo ndinayamba kudikira. Ndinadikira masabata atatu, m'mawa uliwonse ndikufufuza dzina la jamuyo pa foni ndisanasambe n'komwe, koma nyenyezi sizinaoneke. Chifukwa chake ndinachipeza mochedwa, ngakhale kuti chinalembedwa poyera. Kuyambira mu Seputembala 2019, Google sasonyeza nyenyezi za LocalBusiness kapena Organization (bungwe) ngati ndemangazo zili pa tsamba la bizinesi yomweyo imene ikukambidwa, poti mwini wake ndiye amasankha zoti ziikidwepo. Poyamba zinandipweteka, koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti pali nzeru, chifukwa palibe wogulitsa tomato mu msika wa Zomba amene anganene kuti tomato wake ndi wovunda.

Lamulo limenelo silikhudza katundu wogulitsidwa, choncho ndinagwetsa zonse n'kuyambiranso. Tsopano jamu wa mabulosi ali ndi tsamba lakelake lolembedwa ngati Product (katundu wogulitsidwa), lokhala ndi dzina, chithunzi cha botolo, mtengo wake mu MWK, ndi ndemanga za anthu amene anadya jamu ameneyo basi, osati zoyamikira azakhali kuti ndi munthu wansangala. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kulemba JSON-LD kunali mbali yaing'ono ya ntchitoyi, chifukwa Google amafuna kuti ndemanga iliyonse yolembedwa mu markup, zolemba za makina zija, ionekenso pa tsamba kwa munthu wowerenga, ndipo asakhale mawu otoleredwa ku masamba ena. Mawu oyamikira anali ambirimbiri mu WhatsApp ya azakhali, koma analibe nambala ya nyenyezi, ndipo sindikanatha kupeka ndekha kuti "jamu wokoma zedi" ndi nyenyezi zisanu kapena zinayi. Ndinakonza kafomu kakang'ono, azakhali n'kutumiza linki kwa makasitomala awo mmodzimmodzi.

Anayankha anthu 12. Asanu ndi atatu anapereka nyenyezi 5, atatu anapereka 4, ndipo mayi wina anapereka 2 chifukwa chivundikiro chinamasuka mu minibasi ya ku Liwonde, jamu n'kutayikira pa chitenje chimene chinali m'chikwama mwake. Zonse pamodzi zinakwana 54, kugawa ndi 12 n'kupeza 4.5. Azakhali nditawawerengera ndemanga imeneyo anaika chikombe pansi nati, "Mwana wanga, imeneyo ichotse, anthu angayese kuti ndine wauve." Ndinawayankha kuti, "Azakhali, tikaichotsa tikwera kufika pa 4.7 pokha, koma mayiwo akadzatsegula tsambali n'kupeza mawu awo palibe, adzauza anzawo onse a kutchalitchi." Anakhala chete kanthawi, kenako anandituma kuti ndikafunse mtengo wa mabotolo a zivundikiro zolimba ku Limbe. Ndemangayo ilipobe, ndipo pansi pake pali yankho lawo lopepesa limene anandiuza ndilembe mawu ndi mawu.

Pofika lero, Search Console, chida cha Google chouza mwini tsamba mmene tsamba lake likuyendera, ikusonyeza kuti tsamba la jamu wa mabulosi lilibe cholakwika, koma nyenyezi sizinayambe kuoneka, ndipo Google amanena yekha kuti markup yolondola si lonjezo lakuti zidzaoneka. Ndasiya kufufuza m'mawa uliwonse, ndimangoyang'ana Loweruka. Tsamba la jamu wa sitiroberi ndaliika ngati Product yokhala ndi mtengo wokha popanda AggregateRating, chifukwa mpaka pano ndemanga yake ndi imodzi, ndipo anailemba ndi msuweni wanga.