Loweruka, tsiku lokolola yisiti

Ndadzuka kusanache, kuzizira kwa June kukulasa m'mafupa, ndipo ndisanatereke n'komwe madzi a tiyi ndakasuzumira m'ndowa ya mowa ili kuseri kwa chitseko. Thovu lakwera bwino, loyera ndi lokhuthala, fungo la nthochi yakupsa lili ponseponse m'kachipindamo. Choyezera kutentha chikuonetsa madigiri 19. Mtima unakhala pansi, chifukwa kapaketi ka yisiti komwe ndinathira m'menemu kanali komaliza.

Mowa ndikufululawu ndi wa tirigu, uja a ku Bavaria, chigawo cha ku Germany, amautcha Hefeweizen. Kwawoko chimera cha tirigu sichichepera theka la chimera chonse. Tirigu wanga ndi wa ku Tsangano ku Ntcheu, ndinameretsa ndekha pa chiguduli chonyowa, ndipo chimera cha barele chinachokera ku Johannesburg. Hops, timaluwa topatsa mowa kuwawa, mowawu sufuna wambiri. Mutu umaima pa yisiti basi. M'masitolo a muno mu Lilongwe ndimangopezamo wa buledi ndi mandasi, ndipo kuitanitsa pa intaneti masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja ndi nkhani ina.

Anthu ambiri amaganiza kuti kukoma kwa mowa wa tirigu kumachokera ku tiriguyo. Ayi ndithu, mwini ntchito ndi yisiti. Fungo la nthochi lija ndi isoamyl acetate, yomwe yisiti amatulutsa akamadya shuga, ndipo kukatenthera limachuluka. Kafungo kena konga ka clove, chokometsera zakudya china, ndi 4-vinyl guaiacol, kamene yisiti wa mtundu umenewu amapanga kuchokera ku ferulic acid ya m'chimera. N'chifukwa chake pofulula ndinayamba ndasunga phala la chimera pa madigiri 44 kwa mphindi 15 ndisanakweze moto, kuti asidi ameneyu atuluke wambiri. Ukathira yisiti wina, mowa upezeka inde, koma si umenewu.

Mitundu yotchuka ya yisiti ameneyu, monga Wyeast 3068 ndi WLP300, imagulitsidwa yamadzimadzi ndipo imafuna kuzizira njira yonse. Siingapirire ulendo wa basi wochokera ku Johannesburg wodutsa ku Tete kudzatulukira pa Mwanza. Wouma ndiye amatipulumutsa: Munich Classic wa kampani ya Lallemand kapena WB-06 wa kampani ya Fermentis, timapaketi ta magalamu 11 kapena 11.5 tokwanira malita 20. Kanga kanali ka Munich Classic, alamu anga anabwera nako m'chikwama cha zovala, ndipo sabweranso mpaka Khirisimasi.

Choncho lero linali tsiku lokolola. Mlimi wanzeru sadya chimanga chonse, amapatula mbewu, ndipo ine ndafika poona yisiti chimodzimodzi. Mwayi wake, yisiti wa mowa wa tirigu amakwera pamwamba mowa ukamawira, moti sulira kudikira nsenga zapansi. Dzulo ndinayengula thovu loyamba, lija lakuda lokhala ndi zinyalala za hops, n'kutaya. La lero ndiye labwino. Ndinawiritsa mabotolo atatu a jamu ndi chipande chachitsulo kwa mphindi 15, ndinatseka mawindo kuti fumbi lisalowe, ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono. Kenako ndinayengula pang'onopang'ono, kusiya thovu lina kuti limalize ntchito m'ndowamo. Pamwamba pa botolo lililonse ndinathirapo madzi owiritsa ozizira, zivindikiro osamangitsa kwambiri chifukwa mpweya umapitiriza kutuluka, ndipo onse analowa mufiriji. Ukhondo pano si wongodzionetsera. Kachilombo kamodzi kakalowa m'botolo, mowa wonse wotsatira uwawasa, ndipo ulibe kogula wina.

Yisiti wosungidwa chonchi amagwira bwino ukamugwiritsa ntchito masabata awiri asanathe. Akapitirira mwezi amafunika kumudzutsa kaye m'lita imodzi ya madzi a chimera owiritsa, aone ngati akadali ndi moyo. Madzi otero ndinapatuliratu tsiku lofulula, ali mufiriza.

Masana kunabwera mnzanga amene tinayambira limodzi zofululazi. Ataona mabotolo aja anapukusa mutu.

"Achimwene, mukudzivutitsiranji? Yisiti wa mandasi ali pa gulosale apa, mtengo wake wochepa."

Funso lake si lopusa. Yisiti wa buledi ndi wa mowawu onse ndi Saccharomyces cerevisiae, ndipo wa buledi amapangadi mowa. Kungoti anasankhidwa kuti afufumitse ufa msanga, osati kuti akometse chakumwa, ndipo sadikha bwino pansi pa botolo. Sindinafune kumutsutsa ndi pakamwa pokha. Tinatenga malita awiri a madzi a chimera ena aja, tinathiramo wa buledi m'chigubu chapadera, tidzalawe tonse n'kuyerekeza.

Anafunsanso za kukolola yisiti m'mabotolo a mowa wogula. Carlsberg, yomwe yakhala ikufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968, ndi lager (mowa wa yisiti wina wowira pozizira) yosefedwa, mulibe chokolola. Chibuku ndi wamoyo, amawirabe m'paketi, koma ndi mowa wina, wowawasa mwadala. Ngakhale Weissbier, mowa wa tirigu wa ku Germany, utamupeza, makampani ambiri kumeneko amathira yisiti wa lager poika mowa m'mabotolo, ndiye ukhoza kulera kwa sabata yonse chinthu chosatulutsa nthochi ngakhale pang'ono.

Chakumadzulo ndinapita kwa amayi ena a kuseri kwathu amene amafulula masese, kukawabwezera lichero lomwe ndinabwereka popeta chimera. Nditawafotokozera vuto langa anadabwa.

"Mwana wanga, kugula yisiti? Ife chiyambireni sitinagulepo. Timasiya wakale pang'ono n'kuthira mu watsopano, ndipo mtsuko wakalewo umadziwa ntchito yake."

"Zoona amayi, nanenso lero ndachita zomwezo, kungoti wanga ali m'botolo la jamu."

Ndinakhala nawo kanthawi pa mkeka akundilongosolera za chimera cha mawere. Kusiyana kwathu n'kwakuti mumtsuko mwawo yisiti amakhalira limodzi ndi tizilombo towawasitsa, ndipo masese amakoma chifukwa cha zimenezo, pamene ine ndikulimbana kuti mtundu umodzi wokha ukhale pawokha. Koma nzeru yosunga ndi yawo, anayamba kalekale ife tisanamve dzina la Bavaria. Anandilangizanso kuti kukayamba kutentha ndizikulunga ndowa ndi chiguduli chonyowa n'kuiika podutsa mphepo. Ndizitsatira, chifukwa mu October yisiti ameneyu akawira pa madigiri 28 fungo la nthochi limapyola muyezo, mowa n'kumamveka ukali wosakoma.

Magetsi anazima dzuwa litangolowa. Ndinauza a m'nyumba kuti firiji isatsegulidwe, ndipo poti usiku wa June ndi wozizira kale, maola ochepa sawononga kanthu. Komabe zinandiganizitsa kuti mbewu yonse ili m'nyumba imodzi. Ndinamuimbira mnzanga uja, anabwera pa njinga, ndinamupatsa botolo limodzi litakulungidwa m'nsalu yonyowa. Tagwirizana kuti iye afulule sabata yamawa, ine sabata inayo, aliyense azikolola thovu lake n'kupatsa mnzake, mpaka alamu adzafike ndi mapaketi atsopano mu December.