Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Llyn Bochlwyd

Paja gawo lapita ndinalekezera pomwe ndinayamba kusamalira agogo ena ku Bangor, kumpoto kwa Wales. Masiku opuma ndimangogona ine, mpaka mwana wawo anati ayi achemwali, tiyeni mukaoneko mapiri. Galimoto tinaisiya pa Ogwen, mu msewu wa A5 kupitirira Bethesda, nkuyamba kukwera, abale mtunda umenewo si wamasewera, miyala yokhayokha kutsata kamtsinje, kenako tinangoona madzi ali phee pansi pa phiri la Glyder Fach, phiri la Tryfan lili cha kumanzereku.

Kanyanja kakang'ono ndithu, koma kali pamwamba mamita oposa 500. Sanakumbe munthu ayi, ndi ayezi amene anaunjikana pamenepo nkumaselereka pang'onopang'ono akupala thanthwe mpaka linalowa ngati mtondo, atasungunuka zaka pafupifupi 12,000 zapitazo madzi nkutsalira. Mu chigwa choyandikana nacho, Cwm Idwal, ngakhale wasayansi Charles Darwin anadutsamo mu 1831 osazindikira kuti ndi ntchito ya ayezi, anadzaziona atabweranso mu 1842.

Madzulo ndikuwauza agogo kuti ndakaona Lake Australia, poti ndi mmene anthu amene tinakumana nawo panjira amatchulira, akuti ukakaonera pamwamba kamafanana ndi mapu a Australia. Nkhope yawo inasintha. Anati mwanawe, dzina lake ndi Llyn Bochlwyd, nyanja ya tsaya lotuwa, ndipo anandifotokozera nthano ya gwape wokalamba amene alenje anampirikitsa, iye nkudziponya mmadzimo nkusambira masaya otuwawo okha ali pamtunda, mpaka kupulumuka. Amalankhula ngati ndawatukwanira malemu amayi awo, ndipo ine ndinawamvetsa bwinobwino, chifukwa dzina la Australia lija lilibe nkhani, munthu wongodutsa anayang'ana kamodzi basi nkutcha, pomwe eni ake anakhala nako mibadwomibadwo.

Ndinawauzanso zakwathu, zoti Livingstone atafika kunyanja mu 1859 analemba Lake Nyasa pomwe nyasa pa Chiyao ndi nyanja chabe, ndipo tinacheza mpaka tiyi kuzizira. Mu 2022 oyang'anira paki imene muli mapiri amenewa anagwirizana zoti azigwiritsa ntchito maina a Chiwelsh, Eryri ndi Yr Wyddfa, mmalo mwa a Chingerezi, Snowdonia (dera la pakiyo) ndi Snowdon (phiri lalitali kwambiri mmenemo), agogo anandiuza ndiwawerengere nkhaniyo mu nyuzi mokweza.

Kuyambira sabata imeneyo anayamba kundiphunzitsa chilankhulo chawo cha Chiwelsh mmawa uliwonse ndikamawapesa, za katchulidwe ka zilembo ll kamene kanandivutitsa lilime ndikuuzani mu gawo 15.