Nachisale watsika mumtengo, zikomo abale a ku Joni

Abale ndi alongo, ndabwera kudzathokoza. Chinkhwe changa chija chinasowa, Nachisale, chomwe ndinakusowetsani nacho tulo ndi mauthenga, chapezeka ndipo chili pakhomo. Dokotala wa ziweto wamuona ndipo akuti palibe fupa lothyoka, wangotsika thupi pang'ono. Enanu munaseka kuti bambo wa ndevu zake akulirira mbalame pamene anzake akulirira lendi. Sekani ndithu, koma munabwera, ndipo n'chimene ndikulembera.

Ndiyambe ndi abwana anga, agogo aja oweta mbalame ku ploti ya ku Muldersdrift kumene ndimagwira ntchito. Ndi iwo anandigulitsa Nachisale ali kamwana kosamera bwino nthenga, ndalama n'kumandidula pang'onopang'ono pa malipiro. Koma chachikulu chimene anandipatsa ndi maphunziro, ndipo akanapanda kutero lero ndikanakhala ndikulemba uthenga wina.

Chinkhwe cha mtundu wa African grey chimayamba kuuluka chikakwana masabata 12 kapena kuyandikira pamenepo. Timbalame ting'onoting'ono monga budgie ndi cockatiel timafulumira, mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono tayamba kale. Nthawiyo ikamayandikira, mwana wa chinkhwe amagwira kamtengo mwamphamvu n'kumakupiza mapiko osachoka pamalo, amayamba kukana phala, thupi n'kutsikako. Woweta wosadziwa amaganiza kuti ndi matenda, chonsecho mbalame ikudzipeputsa kuti mapiko ainyamule. Apa m'pamene ambiri amathamangira sizasi kudula nthenga za kumapiko poopa kuti ithawa. Abwana anakana kwamtuwagalu. Iwo amati mbalame yodulidwa isanaphunzire kuuluka siphunzira kukhota ngakhale kutera, ndipo African grey, polemera pafupifupi theka la kilogalamu, ikagwa imafikira pachifuwa n'kung'ambika. Komanso kudula sikuletsa kusowa. Mphepo ya mu Ogasiti ya kuno imainyamula ndithu mbalame yodulidwa, n'kukaisiya kumene siingathe kubwerera.

Ndiye tinayambira m'nyumba, mu shedi yaitali ija. Nachisale pa kamtengo, ine potalikira phazi limodzi, dzanja nditatambasula. Ndiimbe mluzu, iye adumphe, ndimupatse kambewu ka mpendadzuwa. Akazolowera nditalikire, kenako ndibisale kuseri kwa chitseko kuti azinditsata ndi khutu. M'mawa uliwonse tinkamuika pa sikelo n'kulemba magalamu ake m'kabuku, chifukwa mbalame yokhuta kwambiri siimva mluzu, ndipo yanjala kwambiri ilibe mphamvu. Tinkaphunzira nthawi ya chakudya isanakwane, osati kumumana chakudya ayi. Amene amaphunzitsa mbalame poilanga ndi njala sindigwirizana nawo.

Phunziro limene abwana anaumirira kwambiri linali lotsika. Kukwera m'mwamba mbalame iliyonse yodzidzimuka imatha yokha, koma kuchoka pamwamba kubwera pansi kumafuna luso lochepetsa liwiro, ndipo ana a mbalame oleredwa m'khola amakuopa. Zinkhwe zambiri zosowa zimakhala zikumuona mwiniwake pansi, zikulira, zikufuna kubwera, koma osadziwa kuti zitsika bwanji. Tinkamuika pa mtanda wa denga la shedi, ine n'kukhala pansi penipeni n'kumuitana. Ndinkaona ngati agogowo akungondivuta. Pambuyo pake tinayamba kutuluka naye panja atavala tizingwe ta pachifuwa, kuti azolowere phokoso la mahadeda (mbalame zolira mokweza za kuno), agalu, njinga zamoto ndi ndege zopita ku Lanseria. Abwana sanandibisire kuti African grey ndi mbalame yamantha, kuti ouluutsa zinkhwe panja ambiri amakonda ma macaw chifukwa ndi aakulu ndipo amaoneka patali, pamene wanguyu, kupatula mchira wofiirawo, akalowa m'masamba wasowa. Anati kuuluutsa panja kulibe chitsimikizo, ngakhale utaphunzitsa bwanji.

Tsiku la tsokalo Nachisale anali atauluka kale panja kambirimbiri n'kumabwerera bwinobwino. Kunangotulukira kabawi wakuda uja amene amasaka nkhunda m'mitengo ya muno mu Joni. Sanamugwire, koma Nachisale anangoti mwamba, kudutsa mpanda, kudutsa msewu, zii. Madzulo ake, monga mudziwira nyengo ya mvula kuno, kunachita mdima, ziphaliwali, matalala. Usiku umenewo nsima sinalowe.

Amayi a kunyumba, zikomo. Munandilanda foni m'manja n'kulemba uthenga woyamba uja inuyo, ine manja akunjenjemera. Amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Cosmo City, chithunzi chija munachimwaza pa WhatsApp ndi pa Facebook mpaka chinafika kwa anthu amene sindinawaonepo. Alamu, bakkie yanu inazungulira misewu yafumbi yonse ija, ndipo za petulo munakana kuti ndizitchule. Pomwe mwapungulapo Mulungu abwezerepo.

Achimwene a ku Mzimba, mlonda wa usiku, inu ndiye ndikusowa pokuyambirani. Munamva kuti chinkhwe chosowa masiku oyamba sichipita kutali, ndipo chimalira kwambiri m'bandakucha ndi dzuwa likamalowa. Mawu amenewa munawasunga. Anzanu akuweruka, inu munatsala n'kumayenda m'mbali mwa mipanda mukutchera khutu, mpaka munamva wina akuti "Moni achimwene" kuchokera pamwamba pa bulugamu. Mukuti munayamba mwabwerera m'mbuyo poganiza kuti ndi zamizimu. Sindikukudzudzulani, mawu akewo ndi anga enieni.

Agogo aakazi, eni ploti imene muli mtengowo, mwina uthengawu wina akumasulirani. Tonse tikudziwa mmene zilili kuno, mipanda ya magetsi, agalu, geti losatsegulira munthu wachilendo. Inu munatsegulira gulu la amuna osawadziwa kusanache bwino, munamangirira agalu, munatiphikira tiyi.

Anyamata a ku Mangochi odula mitengo, munafika ndi zingwe ndi malamba anu mutasiya ganyu ya tsikulo. Mmodzi wa inu anali atavula kale nsapato. Abwana atanena kuti asakwere munthu, munamvera, ngakhale ndinaona kuti manja akuyabwa. Mbalame yamantha ikaona mlendo akuyandikira pa nthambi imaulukanso, ndipo ulendo wachiwiriwo umakhala wautali kuposa woyamba. Thandizo lanu linali kukhala pansi chete, kutali, kuyang'anira mbali zonse kuti akauluka tidziwe kolowera. Kwa munthu wodziwa kukwera mtengo, imeneyo ndi ntchito yowawa kwambiri, ndipo munaigwira.

Ine ndinaima potalikira mtengowo, osati pansi pake, kuti njira yotsikira ikhale yopendekeka. Khola lake tinaliika poyera, mbale yake ili pamwamba. Ndinaimba mluzu mpaka milomo inauma. Iye ankayankha, kuweramira kutsogolo, kutambasula mapiko, n'kubwereranso. Dzuwa litakwera anasiya nthambi ya pamwamba n'kufikira yapakati, anapuma, kenako anadziponya, anazungulira kamodzi n'kudzatera pa dzanja langa monga ankachitira mu shedi muja. Zikhadabo zinandilowa m'khungu koma sindinamve kanthu. Alamu akuti ndinalira. Ine sindikukumbukira zimenezo.

Ambiri mwandifunsa kumbali kuti chinkhwe chotere mungachipeze kuti motchipa. Chonde samalani. Mu 2016, pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, umene unachitikira konkuno ku Sandton, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a African grey wogwidwa kutchire. Gulani wobadwira kwa oweta, wokhala ndi mphete kumwendo ndi mapepala ake, ndipo muikitseni microchip, kachipangizo ka m'thupi komuzindikiritsa. Amene akuti akubweretserani timbalame ta ku Liwonde m'katoni kudzera pa Beitbridge, mukaneni. Wina anandilimbitsanso mtima kuti ngakhale Nachisale asapezeke akakhala bwino, poti zinkhwe zobiriwira zija zimadzikhalira zokha m'mitengo ya muno. N'zoona, makolo a zimenezo anathawa m'makola, koma wanga wakula akudyera m'mbale, ndipo sadziwa kofuna madzi.

Achemwali amene munabwera ndi mapeyala kuti wodwala adye, mtima wanu ndauona, koma peyala limapha chinkhwe. Tinadya ife. Mtedza wochokera kumudzi nawonso timayamba tausankha, wachuku sitimupatsa.

Pakali pano Nachisale wabwerera mu shedi, tikubwereza maphunziro kuyambira poyamba. Adzatulukanso panja abwana akadzavomera, osati ine ndikadzafuna.

Loweruka likubwerali masana mubwere kwathu ku Cosmo City. Amayi a kunyumba apeza usipa ndi ufa woyera wochokera kumudzi, nkhuku ziliponso. Anyamata a ku Mangochi musabwere ndi manyazi, ndipo achimwene a ku Mzimba ndidzakutengani ndekha mukadzuka. Amene munaiwala jekete labuluu pa mpanda wa agogo aakazi aja, lili kwathu, mudzalitenge tsiku lomwelo.